Kodi kuchipatala amayeza bwanji kuti mwana wadwalika?

Make Tadala: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga sunakhale pansi. Ambiri mukudziwa kuti Tadala wanga ali ndi nthenda ya magazi yobadwa nayo ya sickle cell, tinaidziwa asanakwane zaka ziwiri, pano ali ndi zaka 6. Lachiwiri madzulo anayamba kudandaula mwendo. Mwana ameneyu ululu ukamugwira salira, amangodzipinda ngati bongololo n'kuyang'ana kukhoma, ukati umukhudze bondo amakugwira dzanja kuti usiye. Tinafika kuchipatala kuno ku Joni cha m'ma 9 usiku. Anesi anamuyeza kutentha kwa thupi, 37.4, anamupana kamakina koyeza mpweya wa m'magazi pachala, anawerenga kupuma, n'kulemba kuti girini. Tinakhala pabenchi mpaka 1 koloko. Pakati apo kunabwera mwana wina akukuwa atadzicheka ndi chitini, ameneyo analowa ife tikuona. Adokotala atamuona Tadala anadabwa kuti bwanji nthawi yonseyi sanalandire mankhwala a ululu, ndipo anamugoneka masiku atatu. Tsono chondizunguza mutu ndi ichi: mwezi wa March kukiliniki anatiitanira ambulansi ati magazi ake ndi ochepa, ali pa 7.3, mwana akusewera ndi kagalimoto kake pansi, ali bwinobwino. Tsiku limene ali bwino akuti wadwalika, tsiku limene wadwalika akuti dikirani. Amayeza bwanji anthu amenewa?

Che Jafali: Pepani kwambiri Make Tadala. Koma apa palibe chobisika, anaona kuti ndinu a ku Malawi basi.

Make Tadala: Ayi Che Jafali, tsiku limenelo sindingawanamizire. Anesiwo anali aulemu, mpaka anandibwereka bulangete. Za mapepala anafunsa pambuyo pake. Akanakhala amwano bwenzi ndangoti ndi mwano, n'kugona tulo.

Nachisale: Pepani asisi. Mwanayo ali bwanji lero? Ndiyankheko monga munthu amene ndakhalapo nesi pa tebulo losanjira odwala, kumudzi ndi kuno komwe. Zipatala zambiri za boma kuno zimasanja odwala ndi ndondomeko yotchedwa South African Triage Scale. Redi ndi woti aonedwe pompopompo, olenji pasanathe mphindi 10, yelo pasanathe ola limodzi, girini pasanathe maola anayi. Nesi amawerenga kupuma, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, ngati mwana ali maso, ngati akuyenda monga mwa masiku onse, ngati wavulala, n'kuphatikiza mamalikisi. Ana amawagawanso potengera msinkhu, wosafika masentimita 95 ali ndi tchati chake, wa 95 mpaka 150 ali ndi chake. Kupatula mamalikisiwo palinso zizindikiro zimene zimakweza mwana pamzere, ndipo ululu waukulu uli m'gulu limenelo. Vuto ndi lakuti ululu ulibe makina. Nesi ali ndi mphindi ziwiri kapena zitatu pa mwana aliyense, kumbuyo kwanu kuli anthu 40, ndiye mwana amene wangokhala duu amaoneka ngati wamtendere. Munawauza kuti ali ndi sickle cell?

Make Tadala: Ali bwinoko, wadya phala. Ndinawauza kuti mwendo ukupweteka. Za sickle cell ndimati aona okha mufayilo.

Nachisale: Fayilo imabwera mochedwa, asisi, nthawi zina m'mawa mwake. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale dzina la matendawo, lachiwiri likhale lakuti mwanayu ululu ukakula amakhala chete. Komanso dziwani kuti pakati pa eni dziko kuno matendawa ndi osowa poyerekeza ndi kwathu, ku Congo kapena ku Nigeria. Nesi wa pakiliniki akhoza kugwira ntchito zaka zambiri osakumana nawo. Ndiye akaona 7.3 mutu umaima, chifukwa iye anaphunzira kuti mwana wabwinobwino amakhala cha m'ma 11 kupita m'mwamba. Pamene ana ambiri a sickle cell amakhala pakati pa 6 ndi 9 moyo wawo wonse, akuthamanga, akupita kusukulu. Kwa Tadala funso si lakuti 7.3 ndi wochepa kapena ayi. Funso ndi lakuti iyeyo akakhala bwino amakhala pa zingati. Ngati amakhala pa 7.5, palibe nkhani. Koma mwana amene amakhala pa 9 akapezeka pa 7, watsika ndi 2, ameneyo timathamanga naye ngakhale nambala yake ikufanana ndi ya Tadala.

Make Tadala: Ndiye nambala yakeyo ndiidziwa bwanji? Ine amangondiuza kuti zili bwino, mubwere mwezi wakuti.

Nachisale: Afunseni. Ndi magazi a mwana wanu.

Aphiri a Bolt: Zimene akunena a Nachisale ndinaziona ndi maso. Mwana wa mlongo wanga ku Tembisa anabadwa ndi vuto la mtima, milomo yake imakhala yodera nthawi zonse. Kamakina kapachala kaja iyeyo kamamupatsa 80, 82, ndipo adokotala a mtima anati kwa iye n'zoyembekezeka mpaka adzamupange opaleshoni yachiwiri. Tsiku lina ndinawanyamula kupita kukiliniki kukangolandira katemera. Nesi atangoona 81 kiliniki yonse inatekeseka, okosijeni, foni, chiyani. Mwana akuseka. Mlongo wanga Chingerezi chinathawa, amangoti ndi mmene alili, ndi mmene alili, m'Chichewa. Tinachoka 4 koloko, ine tsiku lonse osagwira ndi R100 yomwe.

Nachisale: Nesi ameneyo sindingamudzudzule achimwene. Mwana wina aliyense akatsika pansi pa 90 amafunika okosijeni, ndipo bola kulakwitsa chothamanga kusiyana ndi kulakwitsa chokhala pansi. Chimene chinasowa ndi kalata ya adokotala a mtima. Ndionjezepo za kamakinako popeza ambiri munagula nthawi ya Covid ndipo kali m'madirowa. Kaakulu sikagwira bwino chala cha khanda. Manja akazizira, ngati mmene kumakhalira June kunoku, kamanama. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye nambala zimakhala zotsikirako pang'ono kusiyana ndi ku Durban. Ndipo kafukufuku wina ku America mu 2020 anaonetsa kuti pakhungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwera pamene mpweya m'magazi watsika. Kakakuuzani 96 koma mwana nthiti zikulowa m'kati, mphuno zikutukuka, khulupirirani nthitizo.

Mayi Abusa: Ine ndalera ana asanu, awiri ndinawalerera kumudzi kopanda ngakhale choyezera kutentha. Mayi amadziwa mwana wake. Manambala onsewa angokupatsani BP. Mtima ukakuuzani kuti mwana sali bwino, pempherani n'kunyamuka.

Bambo a Mphatso: Amayi, ndi ulemu wonse, ine nditsutsako pang'ono, chifukwa mtima wangawu unandinamiza zaka ziwiri. Mphatso ali ndi mphumu, zaka 9. Timakhala mumkhukhu ku Diepsloot, ndipo nthawi yozizira mukudziwa mmene kumakhalira: mbaula pakhomo lililonse, sitovu ya parafini m'nyumba, utsi umagona pamadenga ngati nkhungu ya ku Dedza. Mwana amatsokomola usiku, timamupopera pampu ya buluu ija, amagona. Mawa chimodzimodzi. Ife tinazolowera. Munthu akandifunsa ndimati ali bwino, ndi kachifuwa kake kaja. Chaka chatha tinakumana ndi dokotala wina wachitsikana. Sanayambe ndi kumuyeza ayi, anayamba ndi mafunso. Pa sabata amadzuka usiku kangati? Ndinati mwina kanayi. Pampu imodzi imatha masiku angati? Ndinati masabata atatu. Anandionetsa pakatoni kuti pampu imodzi imapopera ka 200, ndiwerengere ndekha kuti patsiku akupopera kangati. Mpira amasewera? Apa mwana anayankha yekha kuti amakhala goloyi chifukwa akathamanga amabanika. Ine bambo wake sindimadziwa chifukwa chake amakonda pagolo, ndimayesa luso. Ndinachita manyazi kwambiri. Dokotala anati mwana amene akufuna pampu ya buluu kupitirira kawiri pa sabata, kapena amene mphumu ikumudzutsa usiku, ndiye kuti matenda sakugonja, ngakhale asanagonekedwepo. Anatipatsa pampu ina ya tsiku ndi tsiku yoteteza, ndi chibotolo chopumiramo chija.

Mayi Abusa: Koma mwaona, anakuthandizani ndi mafunso, osati makina.

Bambo a Mphatso: Makina aliponso amayi. Anatipatsa kachitoliro kouzira kotchedwa peak flow. Mwana amaimirira, amakoka mpweya, n'kuuzira mwamphamvu katatu, timalemba nambala yaikulu. Titamuyeza masabata awiri ali bwino tinapeza kuti yake ndi 240. Ndiye dokotala anajambula pa pepala: kuyambira 190 kupita m'mwamba zili bwino, pakati pa 120 ndi 190 tiyambe pampu ya buluu ndi kumuyang'anira, pansi pa 120 tithamange. Akuti amawerengera 80 ndi 50 pa 100 iliyonse ya nambala ya mwanayo, osati ya mwana wa aneba. Pepalalo tinalimata pachitseko ndi selotepi. Mwezi wa July tsiku lina m'mawa anauzira 150 akuoneka bwinobwino, atavala kale yunifomu. Pofika madzulo anali akulira m'chifuwa ngati mphaka. Kachitoliroko kanaona ife tisanaone.

Che Jafali: Ndiye tizikhulupirira ziti? A Nachisale akuti makina amanama, a Diepsloot akuti mtima umanama.

Nachisale: Zonse ziwiri zimanama Che Jafali, koma sizinamira tsiku limodzi kawirikawiri. Haha.

Make Upile: Salaam, moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga. Upile wanga ali ndi zaka 7, anavulala ubongo pobadwa, cerebral palsy. Salankhula, sayenda yekha. Titangofika ku Mayfair ndinaona mufayilo alemba kuti level 4. Ine ndinkadziwa za anthu a khansa kuti ikafika pa 4 ndiye kuti zavuta. Ndinalira sabata yathunthu osauza ngakhale bambo ake. Ndinafika poimbira amayi ku Mangochi kuti mwina ndingobwera naye kuti zikachitikire kumudzi. Tsiku la mafizo ndinalimba mtima n'kufunsa. Mayi wa mafizoyo anagwira pakamwa. Anandikhazika pansi n'kundionetsa zithunzi zisanu. Akuti muyeso umenewu dzina lake GMFCS, unachokera ku Canada mu 1997, ndipo umangonena mmene mwana amayendera. Woyamba amayenda yekha popanda vuto lalikulu, wachisanu sangathe kudzutsa mutu ndi thupi payekha, amafunika kunyamulidwa kulikonse. Wachinayi ndi wa njinga ya olumala. Si masitepe oti mwana akutsika kupita kumanda, ana ambiri amakhala pa nambala yomweyo mpaka kukula. Amaigwiritsa ntchito podziwa mpando womuyenera ndi kuti chiuno azichijambula pafupipafupi bwanji. Sabata yonse ija ndinalirira nambala ya mpando.

Mayi Abusa: Ambuye akhale nanu mwana wanga. Nkhani imeneyi yandigwira mtima.

Make Upile: Zikomo amayi. Koma chimene ndimafuna kuuza Make Tadala ndi cha ululu. Upile akamva kupweteka amatulutsa mawu ngati akuseka, miyendo n'kuuma gwa, chala chachikulu n'kulowa m'kati mwa chibakera. Munthu wosamudziwa amati mwana wasangalala. Chaka chatha anachita zimenezi masiku anayi, ndinapita naye kawiri akundibweza kuti thupi silikutentha. Ulendo wachitatu ndinajambula vidiyo ali bwino ndi ina ali choncho, n'kuwaonetsa zonse ziwiri. Anamuyang'ana thupi lonse, mapeto ake anapeza dzino lam'mbuyo labowoka mpaka mafinya. Kuyambira pamenepo nesi wina anandithandiza kulemba pepala m'Chingerezi lonena kuti Upile akamva ululu amachita zakutizakuti. Limakhala m'buku lake la kusikelo la Road to Health, mujumbo ya pulasitiki.

Nachisale: Mwachita bwino kwambiri. Pa ana osalankhula pali muyeso wotchedwa FLACC. Timayang'ana nkhope, miyendo, mmene akugwedezekera, kulira, ndi ngati akutonthozeka, chilichonse 0 mpaka 2, zonse pamodzi 10. Anaukonzanso kuti pa ana ngati Upile kholo lizionjezapo zizindikiro za mwana wake, ndiye pepala lanulo ndi mbali ya muyesowo, si kuvutitsa anesi ayi. Kwa Tadala, pa zaka 6 akhoza kuloza yekha. Pali kapepala ka nkhope zisanu ndi imodzi, 0, 2, 4, 6, 8, 10, kuyambira yamtendere mpaka ya ululu woopsa. Funsani kuwodi ya ana akupatsani, kapena mukapeza pa intaneti. Muphunzitseni ali bwino, osati tsiku la mavuto.

Aphiri a Bolt: Koma zinthu zonsezi n'za azungu eti? Canada, America. Ife kwathu timangoyeza ndi chikhatho pachipumi.

Nachisale: Apo ndiye mwalakwitsa achimwene, ndipo mwandiputa. Ndondomeko yosanja ana odwalika pakhomo la chipatala yotchedwa ETAT inakulira ku Queens ku Blantyre, nthawi ya Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo WHO inaitulutsa mu 2005 kuti maiko ena aphunzire. Kale ana ankangokhala pamzere mmene afikira, wina n'kutsirizikira kumsana kwa mayi ake asanafike pawindo. Palinso Blantyre Coma Score ya 1989, ya a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor ndi anzawo, yoyezera kukomoka kwa ana a malungo a mu ubongo. Imayambira 0 mpaka 5: maso ngati akutsatira, kulira kwake, ndi mmene akuchitira ukamutsina. Anaipanga chifukwa muyeso wa akuluakulu umafuna munthu woti ayankhe mafunso, nanga khanda la miyezi 10 ungalifunse kuti lero n'lachingati? Mabuku a madokotala mpaka lero dzina la Blantyre lilimo.

Aphiri a Bolt: Ndabweza mawu. Kabula woyeee.

Che Jafali: Nanga kalamba kaja ka kusikelo koyeza pamkono? Kaja ndiye ndimakadziwa, mwana wa achimwene anga analandira nako chiponde.

Nachisale: Komweko. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Koma ndisanapite ku shifiti ndinene ichi, chifukwa ndikuopa kuti wina achoka pano ndi mawu akuti ndi mmene alili n'kukhala nawo pakhomo. Pali zinthu zina zilibe kuti mwana wanga amatero. Mwana akakana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka moti sakudzutsika bwino, nyamukani. Kupuma muwerenge mphindi yathunthu ali phee: wa miyezi iwiri mpaka chaka, 50 kapena kuposa ndi kothamanga, wa chaka mpaka zaka 5 ndi 40. Wa khunyu, ngakhale mwazolowera kugwa kwake, yang'anani wotchi, kukapitirira mphindi 5 itanani ambulansi, 10177 kapena 112 pafoni ya m'manja. Wa shuga akatsika pansi pa 4 mpatseni chotsekemera nthawi yomweyo ngati ali maso. Ndipo inu Make Tadala, kutentha thupi kwa mwana wa sickle cell si kwa Panado n'kudikira kuche. Mabuku ena amati 38.5, ine ndimati ikangokwana 38 muzivala nsapato, chifukwa kapamba wawo sagwira bwino ntchito ndipo tizilombo timathamanga m'magazi. Adokotala akuonetseninso mmene mungapapasire kapambayo kumanzere pansi pa nthiti. Akakula mwadzidzidzi mwana n'kuyera m'manja ndi m'zikope, musadikire takisi ya m'mawa.

Che Jafali: Kunyamuka n'kosavuta kunena. Ena a ife mapepala anatha kalekale, ndipo masiku ano pamageti ena pamaima anthu osakhala a chipatala n'komwe kumafunsa ma ID. Mkazi wanga anabwezedwa ndi mwana kumsana.

Admin Gondwe: Che Jafali zimenezo zikuchitikadi, palibe angatsutse. Koma tidziwe pamene lamulo laima. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Ndipo mu April 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Amene mwabwezedwa ndilembereni kumbali, tisatchule maina a makiliniki pagulu pano.

Che Jafali: Lamulo lili m'buku, pageti pali munthu. Koma ndamva, ndikulemberani.

Mayi Abusa: Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Mwana akadwalika usiku imbani, abusa ali ndi galimoto, tidzapita awiri. Munthu akakhala ndi mnzake sabwezedwa msanga.

Bambo a Mphatso: Funso langa kwa a Nachisale akabwerako. December tikupita kumudzi pa basi. Mapepala a kuno akagwira ntchito kumeneko?

Nachisale: Ndili mu takisi, ndiyankhe mwachidule. Pemphani kalata ya tsamba limodzi: dzina la matenda, mankhwala ndi milingo yake, kulemera kwa mwana, manambala ake akakhala bwino, ndi zoyenera kuchita zikavuta. Ijambuleni pafoni, ina muike m'chikwama. Mukafika kumudzi akaikopere m'buku la kuchipatala lija. Mankhwala tengani okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apamwamba, mabasi a January mukuwadziwa. Ana okulira ku Joni alibe chitetezo cha malungo ngati anzawo a kumudzi, ndiye neti tsiku lililonse, ndipo a sickle cell afunse mankhwala oteteza asananyamuke. Mukabwerako mwana n'kutentha thupi, nenani msanga kuti munali ku Malawi. Kuno ku Joni malungo kulibe, dokotala sangawaganizire ngati simunena.

Make Tadala: Abale ndabweranso, pepani ndinasowa masiku awiri. Dzulo linali tsiku lathu la kiliniki ya magazi. Ndinafunsa nambala ija, mtima ukugunda ngati ndikupempha ngongole. Adokotala sanakwiye n'komwe, anatembenuza kompyuta n'kundionetsa: 7.6, 7.1, 7.4, 7.3, zaka ziwiri zonsezi. Andilembera kalata, ndipo pansi pake ndinawapempha aonjezere kuti mwanayu akamva ululu salira. Akuti tikambiranenso za kukweza mlingo wa mankhwala ake a hydroxyurea popeza chaka chino wagonekedwa kawiri ndipo wajomba kusukulu masiku 19, ndinawerenga m'kope la aphunzitsi. Kapepala ka nkhope kaja anandipatsanso. Usiku titadya ndinamukhazika pamwendo n'kumufunsa kuti Lachiwiri lija pabenchi anali nkhope iti. Analoza 8. Ndinati bwanji osaloza yomalizayi? Akuti imeneyo ndi ya tsiku lija la msana, tili ku Rosettenville kunyumba yakale. Tsiku limenelo ine ndimalikumbuka, ndinamupatsa Panado n'kupita kuntchito chifukwa sanalire.

Make Upile: Musadziimbe mlandu asisi. Nanenso dzino lija linatenga masiku anayi.

Nachisale: Lembani zimenezo kuseri kwa kalatayo, mmene wanenera iye mwini: 8 ndi mwendo wa Lachiwiri, 10 ndi msana wa ku Rosettenville. Ulendo wina mukadzamufunsa mudzayambire pamenepo.

Make Tadala: Ndalemba. Aphiri, mukadutsa cha ku Turffontein mawa mundigulireko choyezera kutentha ku famase, changa batire inatha. Ndalama ndikupatsani pofika.

Aphiri a Bolt: Cha m'ma 10 ndili pageti.